Amayi anga ali ndi mafupa ofooka ndipo akudzandira poyenda: kodi tipitirize kuwaletsa ntchito?

Funso: "Ndine mayi wa ku Tafara kuno ku Harare, ndipo ndimakhala ndi amayi anga a zaka 72 amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mtsikana. Chaka chatha anaterereka pakhonde n'kuthyoka mkono pafupi ndi chikhatho, ndipo atawachotsa chikhakha adokotala anatiuza kuti mafupa awo ndi ofooka, ali ndi matenda a osteoporosis. Kuyambira nthawi imeneyo ine ndi azichimwene anga tinagwirizana zowaletsa ntchito zonse. Saphika, sasesa, sapitanso kudimba, ndipo kutchalitchi timawapezera galimoto. Koma m'malo mopeza bwino miyendo yawo yaonda, podzuka pampando amachita kugwira tebulo, ndipo poyenda amadzandira. Amamwa mankhwala a BP ndi a shuga. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akufuna kutumiza ndalama yogulira njinga ya olumala. Kodi umenewu ndi ukalamba chabe, kapena pali chimene tingachite?"

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu, ndipo choyamba ndikufuna kukukhazikani mtima pansi. Zimene mwafotokozazi ndimakumana nazo kawirikawiri pa ntchito yanga ya mafizo, makamaka m'mabanja amene amasamala makolo awo, ndipo sizikutanthauza kuti amayi anu afika poti sangathandizikenso. Munthu amene akutha kudzuka pampando, ngakhale mogwira tebulo, n'kuyenda yekha kuchoka kuchipinda kufika pakhonde, ali ndi poyambira pokwanira. Komabe ndiyenera kukuuzani mosabisa kuti lamulo limene munagwirizana pabanja panu, ngakhale linachokera m'chikondi, ndi limene likuwaondetsa miyendo kuposa ukalamba weniweniwo. Achimwene anu adikire kaye, asagule njingayo panopa.

Amayi anu ali ndi mavuto awiri oyendera limodzi, ndipo adokotala anakutchulirani limodzi lokha. Loyamba ndi la mafupa. Fupa ndi chinthu chamoyo chimene thupi limachiphwasula pang'onopang'ono n'kumachimanganso moyo wonse, ndipo mwa akazi mahomoni otchedwa estrogen ndi amene amathandiza kuti kuphwasulako kusapose kumanga. Mayi akasiya kusamba mahomoniwa amatsika, ndipo m'zaka 5 mpaka 10 zotsatira mafupa amataya mphamvu mofulumira popanda ululu uliwonse womuchenjeza. Amafanana ndi nsichi imene chiswe chaidya m'kati, yooneka yabwinobwino kunja koma yothyoka ikangolemedwa pang'ono. Mu 1994 bungwe la World Health Organization linakhazikitsa muyezo wakuti munthu akajambulidwa ndi makina oyeza kulimba kwa mafupa otchedwa DXA n'kupezeka ndi nambala ya -2.5 kapena yotsika kuposa pamenepo, ndiye kuti ali ndi osteoporosis. Makinawa ndi ochepa kuno ndipo kujambulitsa kumafuna ndalama, koma mayi wa zaka 72 amene wathyoka fupa chifukwa chongogwa ali chiimire, dokotala angathe kuyamba kumuthandiza asanajambulidwe n'komwe. Padziko lonse mayi mmodzi mwa atatu alionse opitirira zaka 50 amathyoka fupa mwa njira imeneyi, ndipo maganizo akale akuti vutoli ndi la azungu okha achedwetsa chithandizo cha amayi athu ambiri.

Vuto lachiwiri, limene mwaliona ndi maso anu, ndi kutha kwa minofu, kumene madokotala amakutcha sarcopenia. Munthu akapitirira zaka 30 minofu yake imayamba kuchepa ndi 3 mpaka 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse, ndipo akadutsa zaka 60 imachepa mofulumirirapo. Mphamvu ndiyo imatha msanga kuposa kukula kwa mnofuwo, ndipo mbali imene imayamba kutha ndi ija yogwira ntchito mwachangu, yomwe imaponya phazi kutsogolo munthu akapunthwa kuti asafike pansi. Kukhala chikhalire kumafulumizitsa zonsezi modabwitsa. Mu 2007 ofufuza a ku America anafalitsa zimene anapeza atagoneka pabedi kwa masiku 10 okha anthu achikulire athanzi labwino: anthuwo anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo. Amayi anu sanagonekedwe pabedi, koma atha miyezi yambiri asakuwerama, asakunyamula kanthu, asakukwera chitunda, ndipo thupi limachotsa mnofu uliwonse umene laona kuti ulibe ntchito.

Mavuto awiriwa amadyetsana. Mafupa amalimba chifukwa chokokedwa ndi minofu ndiponso chifukwa chonyamula kulemera kwa thupi, choncho minofu ikafooka mafupa nawo amapitiriza kufooka. Chachikulu n'chakuti mafupa a m'chiuno ndi a mkono, ngakhale ofooka, nthawi zambiri amathyoka munthu akagwa. Mayi akagwa kamodzi amagwidwa ndi mantha, achibale nawo amachita mantha, onse amagwirizana kuti azikhala pansi, miyendo imafooka, ndipo tsiku limene adzadzuke usiku kupita kuchimbudzi adzagwa mosavuta kuposa poyamba. Ndikamayang'ana mayi wotere akudzuka pampando ndimaona zomwezomwezo: amadzigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo kawiri kapena katatu, amakanikiza manja pamawondo, amaima ali chowerama, kenako dzanja limayamba kufufuza khoma phazi lisanasunthe. Pokhala sakhala, amangodzigwetsa pampando. Zonsezi zimasonyeza ntchafu ndi matako opanda mphamvu, ndipo minofu imeneyi ndi imene imamva msanga ikapatsidwa ntchito.

Musanayambe china chilichonse, pitani nawo kuchipatala kuti akaone ngati palibe chinanso chowadzandiritsa, chifukwa kuti munthu aime mokhazikika pamafunika maso, kachiwalo ka m'kati mwa khutu kamene kamamuuza ngati wapendekeka, mitsempha ya kumapazi yomva pansi pamene waponda, ndi ubongo wogalamuka. Mwa amayi anu ndikukayikira zinthu zingapo. Matenda a shuga akakhalitsa amawononga mitsempha ya kumapazi, munthu n'kumamva dzanzi kapena kutentha, ndipo sadziwa bwino pamene phazi lake lili, makamaka mumdima. Mankhwala a shuga otchedwa metformin akamwedwa zaka zambiri angachepetse vitamini B12, zimene zimabweretsanso dzanzi, pamene ena a shuga otchedwa glibenclamide angatsitse shuga mopitirira mwa anthu achikulire, makamaka akadumpha chakudya. Mankhwala a BP nawo angachititse chizungulire munthu akadzuka msanga. Pemphani anamwino kuti awayeze BP atagona, kenako ataima kwa mphindi imodzi ndiponso kwa mphindi 3. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, adokotala ayenera kuunikanso mlingo wa mankhwalawo. Maso awo ayezedwenso, chifukwa ng'ala imabisa m'mphepete mwa masitepe, ndipo opaleshoni yake imachitika kuno, mwachitsanzo ku chipatala cha maso cha Sekuru Kaguvi ku Parirenyatwa.

Popita tengani mankhwala onse amene ali m'nyumba, ngakhale ogula okha kufamase ndi a zitsamba, muwaike m'thumba limodzi. Mapiritsi ogonetsa, amitriptyline, ndi mankhwala ena a chimfine ochititsa tulo amawonjezera kugwa. Prednisolone, amene anthu ena amamwa miyezi yambiri chifukwa cha mphumu kapena kuphwanya kwa mfundo, amafooketsa mafupa ndi minofu yomwe. Kwa owerenga ena ndiwonjezere kuti tenofovir, amene ali m'ma ARV amene anthu ambiri akumwa, amachepetsako kulimba kwa mafupa, choncho mayi wachikulire amene ali pa mankhwalawa azikambirana za mafupa ake kukiliniki. Palibe ndi amodzi omwe mwa mankhwalawa amene munthu ayenera kusiya payekha, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kungakhale koopsa kuposa vuto limene akulithawa.

Kunyumba mungathe kuyeza nokha pamene ali, pogwiritsa ntchito wotchi ya pafoni, inu mutaima pafupi. Akhale pampando wolimba wotsamira khoma, apinde manja pachifuwa, ndipo adzuke n'kukhalanso kasanu mofulumira mmene angathere. Akapitirira masekondi 15, kapena akalephera osagwira, miyendo ndi yofooka. Kenako yezani mamita 3 kuchokera pampandopo, adzuke, ayende kufika pamenepo, atembenuke n'kudzakhalanso. Masekondi 12 kapena kuposa akusonyeza kuti ngozi yakugwa ndi yaikulu. Aimenso ataika chidendene cha phazi lina kutsogolo kwa zala za phazi linzake, muone ngati angakwanitse masekondi 10. Muyeze ndi tepi pamene katumba wa mwendo wanenepa kwambiri, pakuti akachepera masentimita 31 ndiye kuti minofu yatha ndithu, ndipo muwayezenso msinkhu. Mayi amene wafupika ndi masentimita 4 kapena kuposa poyerekeza ndi utsikana wake, kapena amene msana wayamba kupindika, ayenera kujambulidwa msana, chifukwa mafupa a msana ambiri amaphwanyika mwakachetechete munthu n'kumangoti ndi msana wa ukalamba. Zonsezi mulembe m'kope pamodzi ndi tsiku lake.

Tsopano tibwere ku mankhwala enieni a minofu, amene ndi kuipatsa ntchito yolemera pang'ono kuposa imene yazolowera. Pa nkhani imeneyi umboni ndi wolimba. Mu 1990 ku Boston ofufuza anaphunzitsa anthu 10 okhala kunyumba yosungirako okalamba, azaka zapakati pa 86 ndi 96, kunyamula zolemera ndi miyendo kwa milungu 8, ndipo mphamvu zawo zinawonjezeka kupitirira kawiri. Ku New Zealand, yunivesite ya Otago inakonza ndondomeko ya masewera ochitira kunyumba katatu pa mlungu, ndipo inachepetsa kugwa kwa okalamba ndi pafupifupi 35 peresenti. Ku Australia, kafukufuku wotchedwa LIFTMOR anasonyeza kuti amayi a mafupa ofooka amene ankanyamula zitsulo zolemera kawiri pa mlungu kwa miyezi 8, moyang'aniridwa ndi akatswiri, mafupa awo a msana analimbirapo. Zitsulozo si zoti muyesere kunyumba, koma ndazitchula kuti muone kuti fupa lofooka limafuna kulemedwa mwanzeru. Kuyenda kokha n'kwabwino ku mtima ndi ku shuga, koma pakokha sikukwanira kuchepetsa kugwa, ndipo mayi wodzandira akangouzidwa kuti aziyenda mtunda wautali m'misewu yathu yokumbikakumbika angagwe msanga. Mphamvu ndi kukhazikika ziyambe, mtunda ubwere pambuyo.

Masewera oyamba, amene ndimawaona kuti amaposa onse, ndi kudzuka pampando komweko. Akhale chakutsogolo kwa mpando, mapazi abwerere pang'ono pansi pa mawondo, aweramire kutsogolo kuchokera m'chiuno msana uli wowongoka mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala za kumapazi, kenako akankhe pansi ndi zidendene n'kuimirira. Pokhala atsike pang'onopang'ono akuwerenga mpaka 3, chifukwa potsika m'pamene ntchafu imagwira ntchito yaikulu. Ayambe ndi manja onse awiri ngati pakufunika kutero, pakapita masiku agwire ndi dzanja limodzi, kenako apinde manja pachifuwa. Achite ka 8 mpaka ka 10, apume mphindi ziwiri, abwerezenso. Zikayamba kuphweka akumbatire pachifuwa botolo la madzi la lita imodzi, lomwe ndi kilogalamu imodzi, kenako la malita awiri. Mfundo imeneyi ndi imene mabanja ambiri amaiphonya: masewera amene akhala ophweka asiya kumanga mnofu, ndipo maulendo awiri omaliza ayenera kumveka olemera.

Ataima atagwira tebulo lolimba kapena zenera, anyamuke pa zala za kumapazi n'kutsika pang'onopang'ono, kenako anyamule zala ataima pa zidendene, pakuti minofu ya kutsogolo kwa mwendo ndi imene imaletsa phazi kukwakwaza pansi n'kukodwa pamkeka. Atambasulire mwendo kumbali thupi lili chilili, ka 10 mbali iliyonse, kuti alimbitse minofu ya m'mbali mwa chiuno, imene imaletsa munthu kugwera chammbali, kugwa kumene kumathyola fupa la m'chiuno. Sitepe ya pakhonde pomwe anagwerapo ikhale malo ophunzirira: atagwira chimango cha chitseko, akwere n'kutsika, akusinthanitsa miyendo. Za msana, akhale mowongoka, akokere mapewa kumbuyo ndi pansi, atalikitse khosi, agwire masekondi 5 n'kumasula. Masewera olimbitsa minofuwa achitike kawiri kapena katatu pa mlungu, podumphitsa tsiku.

Ophunzitsa kukhazikika ndiwo a tsiku lililonse, mphindi 10 zokha. Aime pakona pamene makoma awiri akumana, mpando uli kutsogolo kwawo, ayambe ndi kuphatikiza mapazi, kenako phazi lina lipite patsogolo pang'ono, kenako chidendene chigunde zala, pomaliza aime ndi mwendo umodzi. Ayambe atagwira ndi dzanja lonse, kenako ndi zala ziwiri, kenako dzanja lingoyandama pamwamba pa mpando. Ayendenso chammbali ndi chobwerera m'mbuyo motsatira tebulo, ndipo aphunzire kutembenuka ndi timasitepe ting'onoting'ono m'malo mopotokola thupi mapazi ali pamodzi. Kugwedezeka pang'ono pochita zimenezi n'kofunika, chifukwa m'pamene thupi limaphunzira kudzibweza. Inu muime pambali pawo chakumbuyo pang'ono, osawagwira mkono nthawi yonse. Popeza ali ndi BP asamagwire mpweya pokankha, ndipo popeza ali ndi shuga asachite masewerawa ndi njala. Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa, koma ululu wobaya m'fupa kapena m'msana, kupweteka pachifuwa, kapena chizungulire ndi chizindikiro choti aleke n'kukaonana ndi dokotala. Kusintha mudzayamba kukuona pakatha milungu 6 mpaka 8, ndipo pakatha miyezi itatu mubwereze miyezo ija ya m'kope. Akadzasiya, mphamvuzo zidzabwerera m'mbuyo, choncho masewerawa alowe m'ndandanda wa tsiku, mwina madzi a tiyi ali pamoto.

Pali ntchito zina zimene munachita bwino kuwaletsa, ndipo zonse zili ndi chinthu chimodzi: kupinda msana kutsogolo munthu atanyamula katundu, kapena kuupotokola mwamphamvu. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo kuinyamula kuchokera pansi kapena kuisenza kuchokera kumjigo masiku amene m'mipope mulibe madzi n'koopsa ku msana wawo. Chimodzimodzinso kusesa ndi tsache lalifupi, kuchapa atawerama pabeseni lili pansi, kulima ndi khasu kwa nthawi yaitali, ndi kubereka mdzukulu wamkulu. Koma ntchito zambiri zingasinthidwe m'malo moletsedwa. Tsache likhale la mpini wautali, beseni likwere patebulo, madzi othirira ndiwo m'dimba akhale m'kachidebe ka malita 3 kapena 5, ndipo akafuna kutola chinthu pansi apinde mawondo ndi m'chiuno msana uli wowongoka. Abwezereni kuphika, kutsuka mbale ataima, kuyanika zovala pachingwe chosatalika kwambiri, ndi kuyenda wapansi kupita kutchalitchi kapena ku Chigwirizano limodzi ndi mnzawo, poyamba mbali ina ya njira. Mayi amene walandidwa khitchini yake nthawi zambiri amataya chilakolako cha chakudya ndi chimwemwe chomwe, ndipo zimenezo zimawonjezera kuonda.

Nkhani ya chakudya ndiyofunika kuiyang'anitsitsa, chifukwa mnofu sumangika popanda zomangira. Tayang'anani mbale yawo kwa masiku atatu. M'nyumba zambiri agogo amamwa tiyi ndi buledi m'mawa, masana nsima ndi masamba, ndipo madzulo pakakhala nyama amaigawira adzukulu iwo n'kutsala ndi msuzi. Munthu wachikulire amafunika galamu imodzi mpaka 1.2 ya mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye kuti mayi wolemera makilogalamu 60 akufunika magalamu 60 mpaka 72. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi magalamu 6, kapu ya mkaka pafupifupi 8, ndipo kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15. Kapenta ndi matemba, zimene zimapezeka mosavuta ku Mbare Musika, n'zabwino kawiri chifukwa zimadyedwa ndi minga yomwe, ndipo minga imeneyo ndi kashiamu; ziviikidwe kaye kuti mchere uchepe chifukwa cha BP. Nyama ya soya, nzama, khobwe, chambiko, ndi nsinjiro kapena chiponde m'phala ndi m'masamba zimathandiza popanda kuwononga ndalama zambiri. Zomanga thupi zikhalepo pa chakudya chilichonse, kuyambira cham'mawa, ndipo ngati mano akuvuta zisinjidwe kapena ziphikidwe mofewa. Popeza shuga ndi BP zimawononga impso, adokotala ayeze kaye magazi a impso musanawonjezere kwambiri zakudyazi.

Kashiamu wofunika patsiku ndi mamiligalamu 1,000 mpaka 1,200, ndipo kapu imodzi ya mkaka imapereka pafupifupi 300. Mapiritsi a kashiamu ndi ongodzaza pamene chakudya chaperewera. Akachuluka amamanga m'mimba ndipo angathandizire miyala ya mu impso. Vitamini D thupi limapanga lokha khungu likawombedwa ndi dzuwa, ndipo ngakhale dzuwa lilipo lokwanira kuno, mayi amene amakhala m'nyumba tsiku lonse atafunda salipeza. Azikhala panja kwa kanthawi tsiku lililonse manja ndi miyendo zili poyera, ndipo adokotala angawalembere mlingo wa 800 IU patsiku ngati aona kuti n'koyenera. Mapiritsi amenewa paokha sabweza mnofu ndipo sachiza osteoporosis.

M'kalata yanu simunatchule mankhwala a mafupa, ndipo zimenezi zandidetsa nkhawa, chifukwa munthu amene wathyoka fupa kamodzi ali pangozi yaikulu yothyokanso lina, makamaka m'zaka ziwiri zoyambirira. Mukafunse adokotala za alendronate, piritsi la mamiligalamu 70 lomwa kamodzi pa mlungu, limene limachepetsa kuphwanyika kwa mafupa a msana pafupifupi ndi theka. Limamwedwa m'mawa asanadye kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi okha, ndipo munthu akhale tsonga kapena aime kwa mphindi 30 osagona ndi osadya, apo ayi limawotcha kummero. Amene sangathe kumwa motero angalandire zoledronic acid m'diripi kamodzi pa chaka. Palinso jakisoni wa denosumab wa miyezi 6 iliyonse, koma ameneyu asayambidwe ngati banja silikutsimikiza kuti lidzamupeza nthawi zonse, chifukwa akadukiza mafupa a msana angaphwanyike motsatizana. Asanayambe mankhwala alionse mwa amenewa impso, kashiamu wa m'magazi ndi mano ziunikidwe, ndipo pakapita zaka 3 mpaka 5 adokotala amaonanso ngati apitirize.

M'nyumba namo muli zoti mukonze. Polishi wa pakhonde ndi pabalaza, ngakhale amakongoletsa, achepetsedwe kapena asiyidwe pamene iwo amadutsa, makamaka nyengo ya mvula. Timikeka toterereka ndi mawaya a magetsi zichoke m'njira. Magetsi akathima usiku m'pamene ambiri amagwa, choncho nyali ya sola kapena tochi ikhale pamutu pa bedi, njira ya kuchimbudzi ikhale yopanda zopinga, ndipo ngati chimbudzi chili panja akhale ndi chidebe m'chipinda. Podzuka ayambe akhala m'mphepete mwa bedi kwa mphindi imodzi. Mapatapata ndi masokosi okha alowedwe m'malo ndi nsapato yogwira chidendene, ndipo chitenje chisafike pansi. Kubafa ndi kuchimbudzi muike zitsulo zogwira zokhomerera kukhoma, komanso mpando wosambirapo. Ndodo si chinthu chamanyazi. Chogwirira chake chifike pamfundo ya dzanja munthu ataima manja ali pansi, ndipo igwiridwe ndi dzanja la mbali ya mwendo wamphamvu, osati la mbali ya mwendo wofooka.

Aphunzirenso kudzuka pansi, chifukwa mwa ife mayi amakhala pamphasa kumaliro ndi pa miyambo ina, ndipo luso limeneli likatayika munthu amayamba kupewa anthu. Agubuduzike chammbali, agwade pa manja ndi mawondo, akwawire kumpando wolimba, aponde ndi phazi limodzi kutsogolo, akankhe n'kutembenuka kukhala pampandopo. Poyamba aphunzitsidwe ndi katswiri, ndipo inu musamawakoke mikono kapena kuwanyamula m'khwapa. Pamaliro ochezera usiku wonse, apempheredwe mpando.

Poyambira pabwino ndi kukiliniki ya khonsolo ya kwanuko, monga ya ku Mabvuku, kumene angakulembereni kalata yopita ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital, komwe kuli madipatimenti a mafizo. St Giles ku Milton Park nayonso imagwira ntchito yophunzitsa anthu kuyendanso. Ngakhale maulendo ochepa kwa katswiri ndi aphindu, chifukwa amaona mmene amayi anu akuyendera n'kusankha masewera owayenera, ndipo ngati msana wapezeka kuti unaphwanyika kale, kuonana naye kukhale koyamba musanayambe chilichonse cha zimene ndafotokozazi. Ndalama ya achimwene anu ingagwire ntchito yaikulu pa kuyezetsa magazi ndi maso, kujambulitsa msana, maulendo a kumafizo, mankhwala a mafupa, zitsulo za kubafa ndi mazira. Njinga ili ndi malo ake kwa munthu amene sangathenso kuima, kapena pa ulendo wautali, koma mayi amene akuyendabe akaizolowera m'nyumba miyendo yake imatha m'miyezi yochepa.

Pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku la kukiliniki. Akagwa n'kulephera kuponda, akumva ululu m'chiuno kapena m'mphechepeche, mwendo n'kuoneka waufupi phazi litagwera kunja, musawaimiritse, musawasisite ndipo musataye nthawi ndi kuthowa kapena kutema mphini. Apite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo atagona, chifukwa fupa la m'chiuno likathyoka opaleshoni imathandiza kwambiri ikachitika m'masiku awiri oyambirira. Ululu wa msana wobwera mwadzidzidzi atawerama, atanyamula kanthu kapena atatsokomola ufunika kujambulidwa, ndipo ukabwera ndi dzanzi m'miyendo kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, ndi ngozi ya ola lomwelo. Akamenyetsa mutu pansi kenako n'kumasanza, kusinza kapena kusokonezeka, makamaka ngati amamwa asipirini kapena warfarin, amene amachepetsa kuundana kwa magazi, athamangitsidwe kuchipatala ngakhale patapita masiku. Kugwa chifukwa chokomoka, kugunda kwa mtima kosalongosoka, kupotoka kwa kamwa kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi zimaloza ku mtima kapena ku sitiroko. Ndipo ngati kuondaku kuli thupi lonse ndipo kukupitirira ngakhale akudya bwino, kapena kukubwera ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku, kapena ululu wa mafupa wowadzutsa kutulo, muwauze adokotala momveka bwino kuti afufuze TB, matenda a chithokomiro ndi khansa asananene kuti ndi minofu yokha.